Ndalama zofanana m'madera osafanana: kodi CDF ingakweze kwathu?

A Tembo, Chelstone: Mwachoma bwanji nonse. Pali nkhani imene ndikufuna tiikambe bwinobwino, ndipo ndikupempha tisaisandutse ya zipani. Kafukufuku wa 2022 wa ZamStats, bungwe la boma la ziwerengero, anapeza kuti anthu 60 pa 100 alionse m'Zambia muno ndi osauka. Mukayang'ana chigawo ndi chigawo m'pamene mtima umawawa. Chigawo cha Lusaka ndi anthu 27 pa 100. Copperbelt ndi pafupifupi 36. Kwathu kum'mawa ndi 76, Luapula 77, Northern 78, Western pafupifupi 79, ndipo Muchinga apitirira 82. Dziko ndi limodzi, kwacha ndi imodzi, koma mwana wobadwira ku Chama ndi mwana wobadwira ku Woodlands mu mzinda wa Lusaka akuyamba moyo motalikirana chonchi.

Boma likuti mankhwala ake aakulu ndi CDF (Constituency Development Fund), ndalama ya chitukuko imene dera lililonse la phungu limalandira chaka ndi chaka. Inali K1.6 miliyoni pa dera la phungu, mu 2022 inakwera kufika K25.7 miliyoni, kenaka K28.3 miliyoni, K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 inafika pa K36.1 miliyoni. M'chaka chimenecho madera onse 156 analandira ndalama yofanana. Funso langa ndi ili: ngati madera ndi osiyana kale chonchi, kuwapatsa mofanana kungathetse kusiyanako? Ine ndikuona ngati ayi, koma ndikufuna ndimve kwa inu.

NaBanda, Kanyama: Tachoma bwino a Tembo. Koma 27 wanuyo ine ndikumukana. Bwerani kuno mu Januwale mvula ikagwa usiku wonse muone madzi akulowa m'nyumba pamodzi ndi za m'zimbudzi. Kolera wa 2023 mpaka 2024 anayambira kuti? Odwala anagona ku Heroes Stadium muno mu Lusaka, sanagone ku Lundazi. Akamawerenga Lusaka amatiphatikiza ndi a ku Kabulonga ndi Ibex Hill, basi ife a mu komboni tonse taoneka olemera. Musatichotsere ndalama chifukwa choti adiresi yathu ndi Lusaka.

A Tembo, Chelstone: Ayi mayi, sindinanene kuti akuchotsereni. Ndipo mfundo yanu ikuthandiza yanga.

Tisa, UNZA: Amayi NaBanda akunena zoona, ndipo masamu akuwavomereza. Kalembera wa 2022 anapeza kuti dera la Kanyama lokha lili ndi anthu oposa theka la miliyoni. Mukagawa K36.1 miliyoni kwa anthu amenewo, munthu mmodzi akupeza pafupifupi K70 pa chaka. Tsopano tengani Feira, ku Luangwa, m'chigawo chomwechi cha Lusaka. Anthu ake sakwana 40,000, ndiye munthu mmodzi akupeza ndalama zoyandikira K1,000. Choncho pa mutu wa munthu, CDF imakondera kale madera akumidzi, ngakhale kuti sanailembe ndi cholinga chimenecho. Vuto ndi loti kukonderako n'kwa mwangozi. Sikuyang'ana umphawi, sikuyang'ana kukula kwa dera, sikuyang'ana kuti simenti ikafike ku Chama imakhala yakwera mtengo bwanji poyerekeza ndi ku Chilanga kumene imapangidwa. Kalasi imodzi yomanga ku Chasefu ndi yomanga ku Matero mtengo wake si umodzi.

NaBanda, Kanyama: K70! Mwana wanga, imeneyo sikwana ngakhale kathumba ka unga. Ndiye ife ndi amene tikuponderezedwa.

Tisa, UNZA: Pa CDF yokha inde amayi. Koma inu muli ndi chipatala chachikulu cha UTH pafupi, chipatala cha Kanyama chilipo, misika ilipo, minibasi imadutsa pakhomo. Zinthu zikuluzikulu za boma zinamangidwa kale kuno ndi ndalama za dziko lonse. Mayi wapakati wa ku Vubwi zikavuta ayenera kuyang'ana ku Chipata, pa msewu umene ambiri pano mukuudziwa.

Aphunzitsi Zulu: Ndilowepo. Ndisanabwere ku Lusaka ndinaphunzitsa zaka zambiri pa sukulu ina yakumudzi kumpoto kwa chigawo chathu, ndipo ndimapitako tchuthi chilichonse. Amene akuti CDF sinachite kanthu sanapite kumudzi posachedwa. Ana amene ankakhala pansi pa dothi lero akukhala pa madesiki. Zipinda zobadwira zamangidwa. Ana a anthu osauka akupita ku sukulu zogonera komweko ndi thandizo la CDF, anyamata ena aphunzira za magetsi ndi zomangamanga. Makhonsolo ena agula magireda awoawo. Izi ndaziona ndi maso, ndipo kale K1.6 miliyoni inkangothera pa mjigo umodzi uwiri ndi denga la sukulu.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa ndi ichi. Nyumba imamangidwa m'miyezi isanu ndi umodzi, koma kusunga mphunzitsi kumeneko ndi nkhani ina. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 ndi azaumoyo oposa 11,000, ambiri anatumizidwa kumidzi, ndipo chinali chinthu chachikulu. Koma mtsikana wokulira ku Kabwata mukamuika pa sukulu yopanda nyumba ya mphunzitsi, yopanda magetsi, netiweki ya foni mpaka akwere pa chulu, malipiro akatenge ku boma ulendo wa tsiku lathunthu, amayamba kulemba makalata opempha kusamuka chaka chisanathe. Ine sindimuweruza, pakuti nanenso ndinachoka. Ndalama yowonjezera ya ogwira ntchito kumidzi ilipo, koma siilipira zonsezi. Ndiye maphunziro aulere abweretsa ana ambiri m'kalasi, chimene chili chabwino, koma mphunzitsi wa masamu ndi sayansi akusowabe kumene akufunika kwambiri. Mwana wa kumeneko adzalemba mayeso omwewo a Giredi 12 ndi mwana wa pa sukulu ya Munali mu Lusaka.

Mabvuto, Intercity: Aphunzitsi mwakamba. Ine ndimagwira ntchito pa mabasi a kum'mawa. Tsiku lililonse amatsika anyamata ndi kachikwama kamodzi, ochokera ku Petauke, Sinda, Katete, Lundazi. Ukawafunsa akuti tabwera kufuna ntchito. Ena ali ndi satifiketi ya luso lomwe anaphunzira ndi ndalama za CDF zomwezo. Manje waphunzira kuwotcherera zitsulo, kumudzi kwanu kulibe malaiti, uchita chiyani? Ubwera ku Lusaka. Ndiye ndalama za Sinda zaphunzitsa munthu, koma amene apindule naye ndi komboni ya Kalingalinga kuno ku Lusaka.

NaBanda, Kanyama: Ndipo akafika amabwera kudzachita lendi kuno kwathu. N'chifukwa chake Kanyama sasiya kukula.

Agogo Mwale, Libala: Ana anga, ndawerenga zonse. Lolani nkhalamba ikumbutse kumene nkhaniyi inachokera, chifukwa sinayambe ndi boma ili kapena lapitalo.

Azungu anamanga njanji kuchokera ku Livingstone kudutsa Kabwe mpaka ku migodi cha m'ma 1905 mpaka 1909. Sanaimange kuti itumikire Zambia yense, anaimangira miyala. Matauni, mafamu aakulu, magetsi, masukulu abwino, zonse zinatsata njanjiyo. Ife akum'mawa, a ku Luapula, a ku Northern ndi a ku Barotse (Western ya lero) ntchito yathu inali kutumiza amuna ku migodi ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia kuti akapeze ndalama ya msonkho. Tayang'ananinso manambala a Tembo aja. Zigawo zimene zili bwino ndi za m'mbali mwa njanji. Zigawo zosauka ndi zomwe zija zinkatumiza anthu. Patha zaka zoposa 100 ndipo mapu sanasinthe.

A Kaunda anaziona izi ndipo anayesa. Anaika fakitale m'zigawo mwadala. Ku Chipata kunali fakitale ya njinga ya Luangwa Industries. Ku Mansa mabatire. Ku Mwinilunga kuika zinanazi m'zitini. Ku Kawambwa tiyi. Ku Livingstone kulumikiza magalimoto, ku Kapiri Mposhi magalasi, ku Kabwe nsalu za Mulungushi. Ine ndinaona ndi maso anga anthu akutuluka pa geti la fakitale ya njinga madzulo, ali ndi malipiro a pamwezi m'tauni yakwawo, ana awo akuphunzira komweko. Munthu sankafunika kukwera basi ya ku Lusaka kuti akhale munthu. Itafika 1992 ndi lamulo logulitsa makampani a boma, katundu wakunja atalowa momasuka, ambiri mwa mafakitalewa anagwa. Chimene chinandiwawa si kugwa kokhako, koma kuti panalibe china choikapo m'malo mwake.

Tisa, UNZA: Agogo, ndikulemekeza zimene mwakamba, ndipo za njanjizo ndi zoona kwathunthu. Koma mafakitale aja ambiri ankadalira zipangizo zogula kunja ndi ndalama za kopa. Mtengo wa kopa utagwa m'ma 1970, dola inasowa, ndipo ankayenda ndi thandizo la boma. Fakitale ya njinga imene zitsulo zake zimachokera kutali, n'kudutsa mtunda wonse kukafika ku Chipata, kenaka njinga n'kubwereranso ku Lusaka kukagulitsidwa, inali yovuta kuti ipikisane ndi aliyense. Imene inali ndi nzeru kwambiri ndi monga ya zinanazi ndi tiyi, chifukwa mbewu zake zimamera pomwepo.

Agogo Mwale, Libala: Pamenepo sindikutsutsa, mdzukulu wanga. Ndiye tiyeni titenge phunziro lake, tisataye ganizo lonse. Kum'mawa timalima nshawa, soya, mpendadzuwa, thonje, fodya. Fakitale zake zili kuti?

A Phiri a malori: Funso limenelo ndiliyankhe ine agogo, chifukwa ndine amene ndimanyamula. Ndimakweza soya ndi mpendadzuwa ku Katete ndi Chipata, ndimatsitsa ku Lusaka. Pobwerera ndimakweza mafuta ophikira ndi zakudya za nkhuku, zopangidwa ndi soya yemweyo, kupita nazo kwa anthu omwe analima. Makilomita pafupifupi 570 kupita, 570 kubwera, kudutsa mapiri a Manenekera. Mlimi amalipira ulendo woyamba chifukwa ogula amamudula mtengo ponena za thiransipoti. Amalipiranso ulendo wachiwiri pogula botolo la mafuta. Ntchito yofinya, yoika m'mabotolo, ya alonda, ya makaniko, yonse yatsala ku Lusaka.

Sikuti kulibiretu. Kampani ya COMACO imagula nshawa kwa alimi n'kupanga chiponde ku Chipata, ndipo mumachiona m'mashopu muno. Makina ochotsa njere za thonje aliponso. Koma n'zochepa poyerekeza ndi zimene timalima. Ndipo taonani kumene boma linaika malo aja a mafakitale okhala ndi msonkho wochepa, ma MFEZ: Lusaka South, Lusaka East pafupi ndi bwalo la ndege, Chambishi. Mwini ndalama umamuuza kuti ukamanga pano sulipira msonkho wina, ndipo pamene ukumulozera ndi pomwe akanamanga kale ngakhale popanda kumunyengerera. Bwanji osanena kuti chifundo cha msonkho chikhale chachikulu kwa amene akamange ku Lundazi, Mansa kapena Mongu?

A Tembo, Chelstone: Apa a Phiri mwafika pamene ndimafuna. CDF imamanga kalasi ndi chipatala chaching'ono, ndipo n'zofunika. Koma K36.1 miliyoni singamange msewu wa tara wa Lundazi kupita ku Chama, singakoke magetsi amphamvu oyendetsa fakitale. Zimenezo zili m'bajeti yaikulu, ndipo bajeti yaikuluyo ndi imene tiyenera kufunsa kuti ikupita kuti. Tikamangoyang'ana CDF tikuyang'ana kagawo kakang'ono ka ndalama za boma.

Mayi Sakala, Kabwata: Ndakhala ndikungowerenga. Inetu ndimagwira ntchito ya zowerengera ndalama, ndiye ndifunse mbali inayo. Misewu tinayesa. A Sata anayambitsa Link Zambia 8000 mu 2012. Anapanga chigawo cha Muchinga mu 2011 likulu lake Chinsali, anasamutsa likulu la Southern kuchoka ku Livingstone kupita ku Choma, maboma anachuluka kuchoka pa 72 mpaka lero tili ndi 116. Kwathu tinapeza Vubwi ndi Sinda, kenaka Chasefu, Lumezi, Chipangali, Kasenengwa, Lusangazi. Msewu wa Mongu kupita ku Kalabo unamangidwa pa chigwa cha madzi, anthu amene ankayenda pa bwato akuyenda pa galimoto. Zonsezi cholinga chake chinali chomwechi cha kufikitsa chitukuko kutali. Koma ndalama zambiri zinali ngongole. Ma Eurobond a 2012, 2014 ndi 2015 pamodzi anali madola 3 biliyoni, osawerenga ngongole zina. Mu Novembala 2020 tinalephera kubweza. Kwacha itagwa, amene anavutika kwambiri ndi wosauka yemwe uja wa kumudzi, pogula feteleza ndi sopo. Ndiye tikamati boma limange msewu uwu ndi uwo, tinenenso kuti ndalama zichokera kuti.

A Phiri a malori: Mayi, ngongole si yoipa ngati msewu wake ukubweza. Taonani Great East kuchokera pa mlatho wa Luangwa kufika ku Mwami mmene anaukonzera. Ulendo unafupika, matayala akukhalitsa, malonda ndi Malawi akuyenda. Cholakwika chinali kuyamba misewu yambiri nthawi imodzi, ina n'kuisiya pakati. Msewu wosiyidwa pakati ndi woipa kuposa wafumbi, chifukwa ngongole mukulipira koma lori sikudutsa.

Mayi Sakala, Kabwata: Pamenepo tagwirizana. Ndiwonjezere za maboma atsopano. Kulengeza boma n'kosavuta. Koma khonsolo imadya chiyani? Ya Lusaka ili ndi misonkho ya nyumba, misika, malayisensi, mabasi. Khonsolo ya boma latsopano lakumudzi, kumene malo ambiri ali m'manja mwa mafumu ndipo nyumba zolipira msonkho n'zowerengeka, imangodikira ndalama yochokera ku Lusaka, ija ya Local Government Equalisation Fund, imene lamulo linati ikhale 5 peresenti ya msonkho wa pa zopeza. Yambiri imathera ku malipiro. Ndiye khonsolo yomweyo, yokhala ndi injiniya mmodzi kapena awiri, mwadzidzidzi mwaipatsa mamiliyoni makumi atatu kuti iyendetse. Mu 2022 ndalama zambiri za CDF zinagona m'maakaunti, mwa zina chifukwa lamulo la 2018 linkafuna kuti mapulojekiti avomerezedwe ndi nduna, ndiponso kugula zinthu m'boma kuli ndi njira zake zazitali. Madera amene ali ndi anthu odziwa ntchito amagwiritsa ndalama msanga. Madera osauka, amene akuzifuna kwambiri, ndi amene amachedwa.

Aphunzitsi Zulu: Ndipo makontirakitala. Amati ntchito zipatsidwe kwa anthu a m'deralo, ndipo n'zoyenera. Koma pa sukulu ina imene ndikuidziwa, amene anapambana anali ndi mapepala a m'deralo pamene iye amakhala kuno. Simenti, malata, mawindo anagula ku Lusaka, amisiri anabwera nawo. Anthu a pamudzi anapeza ganyu yotunga madzi ndi kuswa miyala. Kalasi inamangidwa ndithu, koma ndalama inangogona usiku umodzi kumudzi n'kubwerera kumene inachokera.

Mabvuto, Intercity: Koma tinene zoona, zigawo zina zimakondedwa kutengera amene ali pa mpando. Nthawi ya uyu kwawo kunawala, nthawi ya uyu kwawonso. Ife akum'mawa tingodikira nthawi yathu basi.

Woyang'anira gulu: A Mabvuto, chonde tisalowere kumeneko. Pagulu pano pali a zipani zonse ndipo ena anakwatira kapena kukwatiwa m'zigawo zina. Tikambe za ndondomeko.

Agogo Mwale, Libala: Ndimuyankhe pang'ono mwanayu, mwaulemu, chifukwa ganizo limeneli lili ndi anthu ambiri. Mwana wanga, a Rupiah Banda, a kwathu kum'mawa, anakhala pa mpando kuyambira 2008 mpaka 2011. A Lungu kwawo ndi ku Petauke, analamulira kuyambira 2015 mpaka 2021. A Chiluba kwawo kunali ku Luapula, analamulira zaka khumi. A Kaunda anabadwira ku Chinsali, a Sata ku Mpika. Tsopano bwerera pa manambala a Tembo. Kum'mawa 76, Luapula 77, Muchinga 82. Ngati kukhala ndi mwana wakwanu ku State House kukanachotsa umphawi, zigawo zimenezi zikanakhala patsogolo. Chimene tikufuna ndi lamulo logawa ndalama limene ligwire ntchito kaya pa mpando pali ndani. Mayi wanzeru pogawa nsima sayeza mitanda yofanana kwa mwana amene wadya kale kwa azakhali ndi mwana amene wadzuka pa mphasa ya matenda, ndipo sayang'ana kuti wokondedwa wake ndi uti.

Mabvuto, Intercity: Ndamva agogo. Zikomo.

Tisa, UNZA: Lamulo lotero mayiko ena ali nalo. Ku Kenya malamulo aakulu a 2010 anati makaunti azilandira osachepera 15 peresenti ya ndalama zimene boma latolera, ndipo pali bungwe loima palokha limene limapereka njira yogawira, poyang'ana chiwerengero cha anthu, umphawi ndi kukula kwa dera. Anaikanso thumba lapadera la theka la peresenti la madera otsalira, la madzi, misewu, zipatala ndi magetsi. Sikuti kumeneko zonse zili bwino, amakangana chaka ndi chaka ndipo ndalama zimachedwa. Koma mkangano wawo uli poyera, aliyense akuona masamu ake. Kwa ife ndikanakonda CDF igawidwe pawiri. Gawo loyamba lofanana kwa onse monga lero, kuti pasakhale wodandaula. Gawo lachiwiri lizitsata anthu, umphawi ndi mtunda. Kanyama angapeze zambiri chifukwa cha anthu, Chama angapeze zambiri chifukwa cha umphawi ndi mtunda. Amene angapeze zochepa ndi madera amene ali bwino kale.

Mayi Sakala, Kabwata: Ndipo aphungu a madera amenewo ndi amene ayenera kuvotera lamulolo. M'pamene pali phiri. Kugawa mofanana kuli ndi ubwino umodzi umene tisaupeputse: palibe amene anganene kuti boma lamumana chifukwa anavotera chipani china. M'dziko lathu chimenecho n'chamtengo wapatali. Mukangoyamba kusiyanitsa, manambala a umphawi a dera lililonse asanduka nkhondo.

A Tembo, Chelstone: N'zoona, koma mantha amenewo asatimange manja. Kalembera alipo, kafukufuku alipo. Masamu akalembedwa m'lamulo, osati m'thumba la nduna, wodandaula apite akawerenge.

A Daka, Garden: Moni nonse, ndachedwa kulowa. Ine ndinagwirako ntchito ku Solwezi, ndiye ndikufuna ndikuchenjezeni pa ganizo loti fakitale kapena kampani yaikulu ikabwera basi zatheka. North-Western ili ndi Kansanshi, Lumwana ndi Sentinel ku Kalumbila, migodi imene ikutulutsa gawo lalikulu la kopa wa dziko lino. Koma pa kafukufuku yemweyo wa 2022 anthu oposa 60 pa 100 kumeneko ndi osauka. Msonkho wa miyala umapita ku thumba lalikulu ku Lusaka. Ntchito zaluso zambiri zinatengedwa ndi anthu ochokera ku Copperbelt amene anali ndi luso kale. Mukachoka pa Solwezi kulowera ku Zambezi kapena Chavuma, simungadziwe kuti chigawochi chili ndi chuma chotero. Ndiye anthu akumeneko akamati gawo lina la msonkho wa migodi lizitsala kwawo, ine ndimawamvetsa.

Tisa, UNZA: Ndimawamvetsanso, koma tisamale. Tikati chigawo chilichonse chisunge zake, Luapula ndi Western asunga chiyani? Nafenso kum'mawa tilibe mgodi waukulu ngati imeneyo. Kagawo kochepa kotsalira kumene miyala ikukumbidwa n'koyenera, pakuti fumbi ndi madzi oipa zimatsala komweko. Koma gawo lalikulu liyenera kulowa m'thumba limodzi kuti ligawidwe motsata kusowa.

A Daka, Garden: Kagawo kochepako ndi kamene akupempha. Sakunena zonse.

NaBanda, Kanyama: Nanga feteleza? Achimwene anga ku Nyimba chaka chilichonse nkhani ndi FISP, pulogalamu ya boma ya feteleza ndi mbewu zotsika mtengo. Si ndiyo ndalama yaikulu imene imapita kumudzi?

A Phiri a malori: Ndi yaikuludi mayi, alimi oposa miliyoni imodzi amalandira. Koma kwa zaka zambiri yakhala ya chimanga. Mu 2024 mvula itakana, mpaka a Pulezidenti kulengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko, feteleza anali m'munda koma chimanga chinauma. Ndalama zija zikanagawidwako ku madamu ang'onoang'ono ndi kuthirira, ku misewu ya m'minda, ku mankhwala a ng'ombe, bwenzi china chitatsala. Feteleza ukathira chaka chino, chaka chamawa uyambanso. Damu likamangidwa limakhala.

Aphunzitsi Zulu: Komabe musamuuze mlimi kuti mukuchotsa feteleza musanamuonetse damulo. Anthu anamva malonjezo ambiri. Chimodzimodzi ndalama ya mtukula pakhomo ija inayambira ku Kalomo mu 2003 ndipo lero ili m'dziko lonse. Ena amainyoza kuti ndi yochepa, koma ndinaona agogo olera ana amasiye akugula mbuzi ndi yunifolomu. Ndipo ndalama imeneyo imagulidwira pa kantemba ka pamudzi pomwepo, siithawira ku tauni tsiku lomwelo.

Agogo Mwale, Libala: Pali chinthu china chimene chimandipweteka. Njanji ya Chipata kupita ku Mchinji inatsegulidwa mu 2010, titaidikira kuyambira nthawi ya a Kaunda. Kuchokera ku Chipata, doko la Nacala lili pafupi kuposa Dar es Salaam kapena Durban. Chipata anakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, ndipo pa Mwami anamanga chipata chimodzi chogwirira ntchito pamodzi ndi Malawi. Zonse zofunika kuti kum'mawa kukhale khomo la dziko zilipo. Koma njanjiyo imathera pa Chipata, sinalumikizidwe ndi njanji ya TAZARA yopita ku Dar es Salaam monga ankanenera, ndipo katundu wambiri akuyendabe pa malori. Tikamadziona ngati kumapeto kwa msewu wochokera ku Lusaka tidzakhala otsalira nthawi zonse. Lilongwe ali pafupi ndi Chipata kuposa Lusaka. Tete ali pafupi kudzera pa Chanida. Msika wathu uli kumeneko.

A Phiri a malori: Ngakhale ndine wa malori, njanji imeneyo ndikuifuna agogo. Feteleza wobwera pa sitima kuchokera ku Nacala angatsike mtengo kwa mlimi wa ku Chadiza. Ife tidzanyamula kuchokera pa siteshoni kupita kumidzi, ntchito siitha.

Mayi Sakala, Kabwata: Funso limodzi kwa tonse, ndipo ndikudzifunsa ndi ine ndemwe. Mapulojekiti a CDF amayambira ku komiti ya chitukuko ya wadi. Ndani pano anakhalapo pa msonkhano wa wadi, kuno kapena kumudzi? Ife a m'tauni timadziwa kuwerenga bajeti ndi mapepala a kontirakiti, pamene abale athu kumudzi amangouzidwa kuti kwabwera chakuti. Tikamapita ku Nc'wala, ku Kulamba kapena ku maliro, tingathe kupatula tsiku limodzi kukafunsa ku khonsolo mndandanda wa mapulojekiti a wadi yakwathu, mtengo wake ndi amene anapatsidwa ntchito.

NaBanda, Kanyama: Ine ndinapitako kamodzi kuno. Tinapempha ngalande. Anthu anali ambiri, aliyense ndi chake, ena msika, ena polisi, ena ngongole za magulu a amayi. Ndalama yomweyo ya K70 pa munthu. Ndidzapitanso, koma ndikufuna Tisa andilembere masamu aja bwinobwino kuti ndikawawerenge pamaso pa khansala.

Tisa, UNZA: Ndilemba usiku uno amayi, m'Chinyanja, ndipo nditumiza pagulu pano. Ndiikamo Kanyama, Feira ndi madera angapo a kum'mawa kuti aliyense aone lakwawo. A Tembo, mundithandize manambala a kalembera a Chama ndi Lundazi ngati muli nawo pafupi.

A Tembo, Chelstone: Ndili nawo pa kompyuta ku ofesi, nditumiza mawa m'mawa. A Daka, ngati mungapeze a Solwezi ndi Zambezi tiikemonso, kuti pepalalo lisakhale la akum'mawa okha.

A Daka, Garden: Ndifufuza. Muikemonso Kalabo, ndiponso Chilubi kumene katundu amafika pa bwato. Mtengo wa thumba la simenti kumeneko ndikafunsa kwa anzanga amene ali komweko.